Ndinagula ntchito ya kompyuta ndi sukulu ya mwana wanga

Kuyambira pa Nsaru mpaka kukafika pa Msundwe, ngati alipo munthu amene anandigonjetsapo ponenerera mtengo, abwere ndimugulire tiyi wamkaka ndi sikono ziwiri. Zaka khumi ndi ziwiri ndinali venda wogula mtedza ndi soya pa sikelo, ndipo lilime langa linkagwira ntchito kuposa manja. Ndinkatsitsa mtengo wa mbuzi mpaka mwini wake kundithokoza kuti ndam'chotsera mavuto pakhomo. Makondakitala a minibasi, anthu amene sanamvepo za chisoni, akandiona ndikubwera ankangoti lowani akulu, tisatayitsane nthawi. Ndinkayenda ndi mawu akuti wodzandidyera masuku pamutu sanabadwe.

Ndadzitama dala, inu owerenga, kuti mudziwe kuti zimene ndikuuzenizi sizinagwere chitsiru. Zinagwera wochenjera. Lero ndili pantchito yolemba mapulogalamu a kompyuta m'tauni ya Lilongwe, ndimavala malaya osita, ndipo anzanga a pamsika amanditchula bwana. Koma ntchito imeneyi ndinaigula ndi chinthu chimene sichinali changa: sukulu ya mwana wanga woyamba, Alinafe. Ndinam'chotsa m'kalasi osam'gwira dzanja, osam'kalipira, osatchula n'komwe mawu akuti siya sukulu. Ndikuuzani momwe zinayendera.

Uvenda unayamba kufa tikuona. Kunabwera makampani ogula mbewu ndi masikelo awo olankhulana ndi foni. Mlimi akaika thumba, kulemera kwake kunkaoneka pafoni, ndalama n'kumulowera pompo. Ife a sikelo yokoleka pamtengo, amene tinkadziwa pogwira ndi chala kuti muvi ubwerere m'mbuyo pang'ono, tinayamba kumangokhala tsiku lonse tikuingitsa ntchentche. Tsiku lina ndinafunsa mkulu wina wa kampani kuti kodi chinthu cha m'foni mwakecho anachipanga ndani. Anati anachilemba munthu wina wa m'tauni amene sanakumbepo mtedza chibadwire. Zinandiwawa. Ine ndinali ndi satifiketi ya Fomu 4, masamu ndinkawamenya, ndipo za sikelo ndinkazidziwa kuposa wa m'tauniyo, ndi zoberera zomwe. Ndinali ndi zaka 37, ndipo ndinati bongo sunaume.

Mkulu yemweyo anandiuza za bungwe lina lophunzitsa ntchitoyi kwaulere pa intaneti, miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Inu amene munakulira kumudzi mwaliona kale vuto. Imeneyo ndi miyezi yobzala, yopalira ndi yobandira. Nanenso ndinaliona vutolo, koma ndinati palibe chinthu padziko chimene chilibe mtengo womaliza.

Ndinagulitsa sikelo ndi njinga, n'kupita m'tauni kukagula laputopu yakale. Wogulitsayo ndinam'nenerera mpaka anatuluka thukuta. Ndinafika kunyumba ndikuimba likhweru, kenako n'kuzindikira kuti batire lake silikhalitsa kuposa nthawi yowiritsa madzi a tiyi. Choncho kuti ndiphunzire ndinayenera kukhala pomwe pali magetsi, kuseri kwa babashopu ya mnzanga pa Nsaru, ulendo wa ola lathunthu wapansi kuchokera kwathu, poti njinga ija inali itapita.

Ndikati kwathu, ndikunena kwawo kwa mkazi wanga. Ine ndine mkamwini. Munda umene timalima ndi wa mbumba yawo, ndipo mkamwini amene akufuna kusaoneka ndi khasu dzinja lonse ayenera kukafotokoza kwa mwinimbumba. Mwinimbumba wathu ndi malume a mkazi wanga, a Yosofati, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, munthu wofatsa amene pamsika amalipira mtengo woyamba umene wauzidwa. Anthu otero ine ndinkawaona ngati ndiwo za tsiku limenelo. Ndinapita kwa iwo Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, nditakonzeratu njira: ndipempha madzinja awiri osalima, iwo adandaula, tikumana pa limodzi.

Sanadandaule n'komwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Akamwini, maphunziro ndi abwino, ine sindingawakane. Koma udzu sudziwa kuti munthu ali pasukulu. Ndime yanu adzapalira ndani?"

"Aganyu, malume. Ganyu ndi pakamwa basi, ndipo pakamwa ndi pomwe Mulungu anandidalitsa."

Anaseka pang'ono, nati tione dzinja limodzi kaye. Ndinachoka ndikudziguguda pachifuwa. Aliyense wa pamsika amadziwa kuti munthu akavomera msanga, bwerera ukaonenso bwino katundu wako. Ine lamulo limenelo ndinaliiwala tsiku lomwelo.

Maphunziro aja anandichepetsa. Kompyuta ilibe zakuti chotsaniko pang'ono. Ukaiwala kachizindikiro kamodzi, kakang'ono ngati nsabwe, pulogalamu yonse imakana, ndipo ngakhale uyinyengerere, uyikumbutse kuti ndiwe kasitomala wakale, imangokulembera zofiira. Anzanga a m'kalasi pa intaneti anali ongomaliza kumene sukulu. Zimene iwo ankatsiriza pa ola limodzi, ine zinkanditengera masiku awiri. Magetsi akathima ndinkalemba malamulo a pulogalamu m'kope ndi bolopeni, odikira kumetedwa n'kumandiseka kuti ndikulembera makina kalata yofunsira. Tsitsi la anthu linkaulukira m'mabatani, ine n'kumauzira. Koma tsiku limene pulogalamu yanga yoyamba inaphatikiza makilo a matumba atatu n'kupereka yankho loona, ndinavina pamaso pa anthu. Ntchitoyi inandilowa m'magazi. Ndinkanyamuka m'mamawa, kubwera dzuwa likulowa, thupi lili pakhomo koma mutu watsala pa Nsaru.

Kunyumba zinthu zinali chonchi. Mkazi wanga, make Alinafe, anali atangobereka kumene mwana wathu wachitatu, ndipo anabereka mwa opaleshoni ku Namitete. Anamuuza kuti asawerame ndi khasu kwa miyezi ingapo. Mwana wachiwiri anali wa zaka zisanu. Alinafe anali ndi zaka 14, ali mu Sitandade 8, ndipo chiyambire Sitandade 5 sanatsikepo kupyola nambala 3. Ankafuna kudzakhala mzamba, ataona zimene mayi ake anadutsamo. Aphunzitsi ankati akapitiriza chonchi asankhidwa kusekondale yogonera komweko. Ineyo ndinkadzitama naye pamsika, kuti nzeruzo anatengera bambo ake.

Kubzala anatithandiza abale, ine n'kujombako masiku awiri. Kenako a Yosofati anapita kwa mwana wawo ku Kasungu kukachiritsa maso, ndipo anakhala kumeneko mpaka kukolola. Mvula inagwa mosalekeza, udzu n'kudzuka ngati wachita kutumidwa. Khirisimasi itadutsa ndinaitana amayi anayi a m'mudzi woyandikana nawo amene amagwira ganyu. Tinaima m'mphepete mwa munda. Anati ndime iliyonse ndi ndowa ya chimanga yosefukira. Ine ndinati udzuwu ndi wanthete, ungazulidwe ndi nkhuku. Ndowa ikhale yosalaza, ndipo yoyezera ikhale yanga.

Chimene ndinaiwala n'chakuti amayi amenewa ndi omwe aja ankabweretsa mtedza pa sikelo yanga zaka zonsezo. Wamkulu wawo, a Nachisale, anatsamira khasu n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

"A Sikelo, ndowa zanu timazidziwa ife. Yogulira ndi yamimba, yolipirira ndi yophwanyika m'nthiti. Eti anzanga?"

"Amayi, musathamange. Tiyeni tikumane pakati."

"Pakati pakepo mukakumana ndi udzu wanuwo."

Anasenza makasu n'kumapita akuseka. Sindinawaitane. Lamulo la pamsika limati wochoka usam'thamangire, abwerera yekha. Ndinauza mkazi wanga kuti njala ya Januwale iwabweza mawa lomwe. Njalayo inawabwezadi, koma kuminda ya anthu ena, olipira ndi ndowa yosefukira. Ndipo anauzana m'midzi yonse kuti kwa a Sikelo ukalima, ukalimira Mulungu.

Patapita sabata ndinadzera kumunda pochokera pa Nsaru, ndipo ndinapeza ndime yoyamba yayera. Sabata inayo, yachiwiri. Ndinafunsa make Alinafe ngati amayi aja abwerera. Anayankha akuyamwitsa, osandiyang'ana, kuti Mulungu watipatsa manja. Ndinaganiza kuti mwina amayi a chigwirizano cha kutchalitchi amumvera chisoni mnzawo wodwala. Ndikuti ndinaganiza, koma tiyeni tinene zoona: ndinasankha kuganiza choncho. Venda akapeza katundu waulere safunsa komwe wachokera.

Zizindikiro zinalipo. Yunifolomu ya Alinafe inkakhala pachingwe m'nyumba ili yoyera Lachitatu, Lachinayi, ngati yangochapidwa kumene. Mwana amene ankakonda kundipanikiza ndi mafunso a sayansi anayamba kusinza mbale ili pamiyendo. Loweruka lina masana ndinabwera msanga laputopu ili yotchaja, ndipo Alinafe anadzakhala pafupi nane pakhonde, nati, "Ababa, ndilembeko dzina langa." Anatambasula dzanja. M'chikhatho munali matuza, ena ophulika, ena ouma n'kuda. Ndinawaona bwinobwino, inu owerenga, monga mukuonera zilembozi. Mukudziwa chimene ndinanena? Ndinati kasambe m'manja kaye, makina awa safuna dothi. Anapita kukasamba. Sanabwerenso pakhondepo.

Mu Febuluwale, tsiku la msika, aphunzitsi ake a Sitandade 8, mayi wamfupi wolankhula mosapsatira, anandipeza kuseri kwa babashopu kuja. Ndinawapatsa mpando, anakana.

"Bambo a Alinafe, chitsegulire teremu ino mwana wanu ndamuona masiku osakwana khumi. Anzake ayamba kugonera pasukulu kukonzekera mayeso. Iye ali m'munda. Mukudziwa, kapena simukudziwa?"

"Aphunzitsi, nkhani imeneyi tingathe kukambirana bwinobwino."

"Sindinabwere kudzagulitsa soya ine. Mayeso ndi mu Meyi."

Apa ndi pamene pali tchimo langa lenileni. Kufikira tsiku limenelo ndikanatha kunama kuti sindinkadziwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadziwa. Njira inali poyera: kutseka laputopu, kutenga khasu, mwana apite kusukulu. Kapena kupita kwa a Nachisale, kugwada, kuwapatsa ndowa yawo yosefukira ndi banyira pamwamba. Koma chimanga chimene chikanalipira aganyu ndinali nditachigulitsa kale pang'onopang'ono pogulira mabandulo a intaneti, ndipo sabata ziwiri kutsogoloko ndinayenera kupereka ntchito yaikulu. Wolephera ankachotsedwa pamaphunziro. Ndiye ndinachita chokhacho chimene ndinkachidziwa. Ndinanenerera.

Nditafika kunyumba ndinamuitana Alinafe. Ndinamuuza kuti iye ndi wanzeru, sabata ziwiri sizingam'gwetse. Andipatse sabata ziwiri zokha amalize kubandira, kenako khasu nditenga ine, ndipo ndikapeza ntchito, sekondale yake ndidzalipira ngakhale yodula. Ndinalankhula mokoma, ndi mawu omwe aja ndinkagulira mbuzi. Mwana anali atagwada. Anangoti, "Chabwino, ababa." Mayi ake anali m'nyumba; ndinamva akuika mbale pansi mwamphamvu, koma sanatuluke. Ine ndinadzuka ndikumva kupepuka kumene munthu amamva malonda akayenda bwino. Ndimachita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi momwe zinalili.

Sabata ziwiri zinabala zinzake. Ntchito ija nditapereka anandibwezera kuti ndikonze. Nditakonza panabwera ina. Kubandira kutatha, mtedza unafuna kupalira. Mtedza utayera, soya anakhwima n'kuyamba kuthetheka, ndipo soya sadikira munthu. Masiku ena Alinafe ankathamangira kusukulu ataweruka kumunda, n'kupeza anzake akutuluka. Ankabwereka makope awo n'kumakopera atakhala pamtondo, kwinaku akuyang'anira mng'ono wake. Ine ndinkam'lambalala n'kumati waona, zikutheka. Anabwerera m'kalasi kwathunthu kumapeto kwa Epulo, kutatsala milungu itatu.

Ine ndinakhoza. Satifiketi yanga inabwera pafoni, ndinakaisindikiza papepala lolimba n'kuiyendetsa msika wonse. Zotsatira za Alinafe zitatuluka tinapita tonse kusukulu kukaona pakhoma. Ndinayendetsa chala kuyambira pamwamba, pomwe ndinazolowera kupeza dzina lake. Mtsikana amene nthawi zonse ankabwera pambuyo pake anali atasankhidwa kusekondale yogonera. Chala changa chinatsika, chinatsika. Dzina la Alinafe tinalipeza pansi, pa olephera. Sanalire. Anandifunsa ngati angatsogole, poti mayi ake anali atam'tuma madzi.

Patapita miyezi itatu kampani ina yaing'ono ya m'tauni inanditenga. Chimene anandikondera n'chakuti ndimadziwa njira zonse zoberera pa sikelo, choncho ndimalemba mapulogalamu otseka mipata imeneyo. Sekani, inu owerenga, nanenso ndimaseka: mbava anaipatsa ulonda.

Alinafe anabwereza Sitandade 8 ndipo anapirira teremu imodzi. Anali wamtali kuposa onse. Ana amene kale ankawathandiza masamu anayamba kumutchula anti a kalasi. Anzake akale akabwera kutchuthi ndi masutikesi, akulankhula za ku sekondale, iye ankasintha njira yopita kumjigo. Teremu yachiwiri anakana. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinabwera ndi mafomu a sukulu yolipira. Anamvetsera atagwada, m'mawa mwake n'kukwera kabaza kupita kwa azakhali ake, mlongo wanga, amene ali ndi kalesitilanti pa Msundwe.

Ndinapita kwa a Yosofati ndili ndi mkwiyo wofuna pogwera. Ndinati iwo, mphunzitsi, mwinimbumba, analoleranji msanga chonchija tsiku lija. Anavula magalasi awo atsopano n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Akamwini, munapempha dzinja lanu, ndinakupatsani. Sindinadziwe kuti mukatenga la mwana. Funso ndinakufunsani, inu munandiyankha nthabwala."

Sanandithamangitse pamudzi. Akanandithamangitsa, bwenzi mwina ndili ndi womuda. Make Alinafe tili limodzi mpaka lero. Anandiuza kamodzi kokha kuti anakhala chete poopa njala, komanso poopa kuti abale ake angandipirikitse munda ukalowa tchire, ndipo kuti mlandu umenewu tidzayankha awiri. Chiyambire pamenepo nkhaniyi sitiitchula, koma ndikabwera kumudzi kumapeto kwa mwezi imakhala nafe pamphasa, pakati pathu.

Mwezi wathawu ndinatsika minibasi pa Msundwe. Alinafe ndinam'peza kuseri kwa lesitilanti akukwecha mapoto. Ali ndi zaka 17 tsopano. Anapukuta manja pachitenje, n'kugwada, n'kundilonjera ngati mlendo wolemekezeka wochokera kutali. Ndinatulutsa foni yatsopano, ili m'bokosi. Ndinati ndi yake ngati avomere kubwerera kusukulu. Anayang'ana pansi. Ndinawonjezera nsapato. Ndinawonjezera kuti ndim'tengera m'tauni akakhale nane, kumene palibe womudziwa, palibe wom'seka. Ndinkadzimva ndekha ndikukweza mtengo ngati pa okushoni ya fodya, koma pakamwa sipankatsekeka. Anadikira mpaka nditamaliza, n'kunena mofatsa:

"Ababa, sindikugulitsa kanthu ine. Mudya nyemba kapena usipa?"

Ndinadya nyemba. Foni ndinabwerera nayo. Ili m'chikwama mpaka lero, yosatsegula.

Inu owerenga, makamaka inu makolo amene ntchito yanu yakufera m'manja ndipo mukufuna kuyamba ina, sindikuti musaphunzire. Ntchito ya kompyuta ndi yabwino, ndipo munthu wa imvi zoyamba angaiphunzire. Ine ndine umboni. Koma musanatule katundu amene mumasenza pakhomo, yang'anani kaye kuti agwera pamutu pa yani. Katundu wa pakhomo sagwera pansi, amagwera wamng'ono amene sangakane. Waganyu mulipireni chimene wanena nthawi ikadalipo. Ndipo mwana wanu akakuyankhani kuti chabwino atagwada, musati mwagwirizana. Mwana sanenerera bambo ake.

Chinanso, funsani mafunso ngakhale pa chinthu chaulere. Nditayamba kale ntchito ndinamva kwa mnzanga wa muofesi, amene anaphunzira ku bungwe lomwe lija, kuti iwo amatenga ophunzira kawiri pachaka. Kalasi ina imayamba mu Meyi, anthu atakolola. Ndikanangodikira miyezi isanu ndi umodzi. Ine amene ndinkafunsa mtengo wa chinthu katatu ndisanachigwire, limenelo lokha sindinafunse.

Anzanga a pa Nsaru amati ndinawina, ndinathawa uvenda usanandimize. Kunena zoona, aganyu sanandidyere ngakhale dzanja limodzi la chimanga, malume anandipatsa dzinja langa, mwana anandipatsa sabata zanga ziwiri, ndipo ntchito ndinaipeza. Palibe amene anandiposa pakamwa ngakhale mmodzi. Ndiye tandithandizani inu, poti apa masamu anga akukana: pa malonda amenewa, anawina ndani?